KODI ZAKUMWA ZA THOBVU ZIMAONONGA MAFUPA NDI M'MIMBA?

Masiku ano palibe ukwati, chinkhoswe kapena msonkhano wa Boma umene umatha popanda mabotolo a zakumwa za thobvu. Mlendo wolemekezeka akafika pakhomo, mwana amatumidwa ku sitolo. Wodwala akagonekedwa m'chipatala, abale ake amamtengera botolo. Ndipo kalaliki amene alibe nthawi yopita kwao masana, nkhomaliro yake ndi botolo limodzi ndi banzi. Pamodzi ndi chizolowezi chimenechi pafalanso mau awiri otsutsana: ena amati zakumwazi zimasungunula mafupa, pamene ena amati zimathandiza kugaya chakudya ndi kuchiza m'mimba. Popeza ambiri a inu awerengi athu ndinu aphunzitsi ndi anchito a Boma, ndipo anthu amadza kwa inu kudzafunsa nzeru, nkoyenera kuti tipete nkhaniyi bwino, gaga apite kwake ndi mphale ikhale payokha.

Thobvu lija ndi mpweya wochedwa carbon dioxide umene umapanikizidwa m'madzi. Njira yake anaitulukira Joseph Priestley ku Leeds, m'dziko la England, m'chaka cha 1767, ndipo Jacob Schweppe anayamba kuchita nayo malonda ku Geneva mu 1783. Poyamba madzi otere anali kugulitsidwa ngati mankhwala, ndipo ngakhale amene anapanga Coca-Cola ku Atlanta mu 1886, John Pemberton, anali wosakaniza mankhwala. Choncho chikhulupiriro chakuti zakumwazi zimachiza nchakale ndithu, chinabadwa pamodzi ndi malondawo.

Za Mafupa

Fupa si mwala wakufa ai. Thupi limaligumula ndi kulimanganso tsiku ndi tsiku, ndipo chomangira chake chachikulu ndi mchere wa kashiamu, umene magawo 99 mwa 100 a wonse uli m'thupi amakhala m'mafupa ndi m'mano. Mbali yaikulu ya kulimba kwa mafupa imamangidwa munthu asanakwane zaka 20, ndipo pofika zaka 30 nchito yomangayo imakhala itatha. Kuyambira pamenepo munthu amangotapa m'nkhokwe imene anadzaza pa ubwana wake, ndipo amai amatapa mofulumira koposa akasiya kusamba.

M'chaka cha 2006 Katherine Tucker ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza mafupa a amuna ndi akazi oposa 2,500 a m'kafukufuku wa ku Framingham, m'dziko la America. Iwo anaona kuti akazi amene anali kumwa kola tsiku liri lonse anali ndi mafupa a m'chiuno ochepa mphamvu, ndi magawo pafupifupi 4 mwa 100, poyerekeza ndi akazi amene anali kumwa mwa kamodzikamodzi. Koma zimenezi sizinaoneke kwa amuna, ndiponso sizinaoneke kwa omwa zakumwa zina za thobvu zimene si kola. Tanthauzo lake nlakuti thobvu palokha liribe mlandu.

Nanga mlandu uli pati? Kola amasiyana ndi zakumwa zina pa zinthu ziwiri: muli asidi wochedwa phosphoric acid, ndiponso muli caffeine, yemweyo amene ali mu khofi ndi tiyi. Mu 2001 Robert Heaney ndi Karen Rafferty a ku Creighton University anayeza kashiamu wotuluka m'mkodzo wa akazi atamwa zakumwa za mitundu-mitundu. Anapeza kuti kashiamu anatuluka wochulukirapo pang'ono kokha pamene chakumwacho chinali ndi caffeine, ndipo anamanga mfundo yakuti choipa chenicheni ndicho chakuti botolo limalanda malo a mkaka. Mwana amene wadzaza mimba ndi madzi a shuga sakhumbanso chakudya chomanga mafupa, ndipo zimene wataya pa msinkhu umenewo sadzazipezanso. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Mano okha ndiwo amakhudzana ndi chakumwacho mwachindunji. Pa muyeso wa pH, pamene nambala yochepa imasonyeza asidi wamphamvu, kola ali pafupi ndi 2.5, chonsecho chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka muyesowo ukatsika kupyola 5.5. Munthu wopsontha botolo pang'onopang'ono masana onse pa desiki pake amakhala akubviika mano ake m'asidi ndi shuga kwa maora ambiri.

Za M'mimba

Botolo likatsekulidwa ndipo chakumwa chikafika m'mimba mofunda, mpweya uja umamasuka ndi kutukumula chifu. Nchifukwa chake munthu amageya, namayesa kuti chakudya chagayika, pamene watulutsa mpweya womwewo umene anameza. Kwa munthu wa thanzi palibe choopsya pamenepa, pakuti asidi wa m'chifu mwake amafanana mphamvu ndi wa m'botolo kapena kumposa. Koma kwa amene amabvutika ndi chilungulira, kugeyako kumatsekula kakhomo ka pakati pa kholingo la chakudya ndi chifu, ndipo asidi angathe kukwera ndi kuocha pachifuwa. Otere amachita bwino kuleka, makamaka usiku pokagona.

Tisabise kuti pali umboni wina woyamikira thobvu. Mu 2002 madotolo a ku Naples, m'dziko la Italy, anayesa odwala 21 obvutika ndi kudzimbidwa, napeza kuti amene anamwa madzi a thobvu kwa masiku 15 anapezako bwino. Komatu odwalawo anali ochepa, ndipo amene anamwawo anali madzi chabe opanda shuga, osati zakumwa zotsekemera za m'masitolo mwathu.

Choopsya koposa zonse ndicho kupatsa zakumwazi mwana wotsekula m'mimba. Mwana wotere amataya madzi ndi mchere, koma m'botolo muli shuga wambiri ndi mchere wochepa zedi. Shuga wochulukayo amakoka madzi a m'thupi kulowa m'matumbo, kotero kuti kutsekulako kumakula. Dziko lino silinaiwale kolera imene inayamba m'mwezi wa March chaka cha 2022, nipha anthu oposa 1,700 pofika mu 2023. Mankhwala oyenera wotsekula m'mimba ndi madzi a Thanzi ORS osungunulidwa m'madzi aukhondo monga mwa malangizo a pa paketi, mapiritsi a zinki kwa ana, kupitiriza kuyamwitsa, ndi kufulumira naye ku chipatala.

Chochita Nchiani?

Botolo la mamililita 300 la kola liri ndi shuga wokwana masipuni ang'onoang'ono ngati 8. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masipuni 12 pa tsiku, ndipo kuti nkwabwino koposa kulekeza pa 6. Maiko ena anaona kuti uphungu wokha sukwana: Mexico anaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2014, ndipo South Africa ndi Britain anachita chimodzimodzi mu April 2018.

Ife tiri ndi mwai wakuti zomanga mafupa ziri pakhomo pathu pomwe. Usipa ndi matemba, amene timadya ndi minga yomwe, ali ndi kashiamu wochuluka. Chimodzimodzinso bonongwe, mawere, mkaka ndi chambiko. Dzuwa limathandiza thupi kupanga vitamini D amene amalowetsa kashiamu m'magazi, ndipo kuyenda, kulima ndi masewero zimalimbitsa fupa. Mtengo wa botolo limodzi ungathe kugula mulu wa usipa.

Sitikunena kuti botolo la pa Khrisimasi kapena la pa ukwati ndi poizoni. Chimene tikukana ndicho kulisandutsa madzi akumwa a tsiku ndi tsiku, kapena mankhwala a wodwala. Aphunzitsi ayang'ane zimene ana amagula pa nthawi yopuma, nakambe za zimenezi pa misonkhano ya makolo. Anchito a Boma okonza misonkhano aikenso madzi pa tebulo. Mtsikana amene ali mu Sitandade 6 lero ali ndi zaka zosakwana khumi zoti adzaze nkhokwe ya mafupa amene adzamnyamula kufikira ukalamba wake, ndipo chimene adzamwa m'zaka zimenezo chiri m'manja mwa makolo ndi aphunzitsi ake.