Kulera Mwana Wosakhazikika Modekha

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli mwana amene anthu amamutcha wosamva. Akamutuma kukagula mchere, amabwerako chimanjamanja atayiwala chimene anamutuma. M'kalasi sakhala pansi, amayankha aphunzitsi asanamalize funso, ndipo pamasewera salola kudikira anzake. Makolo amakalipa, ena amathyola kamtengo, koma mawa lake zinthu zimakhala chimodzimodzi.

Ena mwa ana otere sachita izi mwadala. Ali ndi vuto limene madokotala amalitchula mwachidule kuti ADHD, ndiko kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika ndiponso kuchita zinthu asanaganize. Dokotala wina wa ku Mangalande, George Still, anafotokoza za ana otere mumzinda wa London m'chaka cha 1902, ndipo dzina la ADHD linakhazikitsidwa mu 1987. Kafukufuku amasonyeza kuti pa ana 100 alionse, pafupifupi 5 ali ndi vutoli. Kawirikawiri limakhala la kumtundu; silibwera chifukwa cha ufiti kapena kulera molekerera. Komabe sikuti mwana aliyense wopulupudza ali nalo ayi. Dokotala amayamba waona ngati zizindikirozo zinayamba mwanayo asanakwane zaka 12, ngati zakhalapo kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, ndiponso ngati zikuoneka m'malo angapo, monga kunyumba ndi kusukulu.

Mtolo waukulu umagwera wolera, kaya ndi mayi, bambo, agogo kapena azakhali. Munthu wotopa sachedwa kupsa mtima. Mwana akakalipiridwa amabalalika koposa kale, nalakwanso, ndipo mkwiyo wa kholo umakulirakulira. Potsiriza mwanayo amakula akudziyesa wachabechabe, kholo nalo likudziimba mlandu.

Pofuna kuthetsa chizungulire chimenechi, akatswiri anakonza maphunziro a olera ana. Gwero lake ndi ntchito ya Jon Kabat-Zinn, amene mu 1979 anayambitsa maphunziro a masabata 8 pa Yunivesite ya Massachusetts ku Amereka, ophunzitsa odwala kukhazika maganizo pa zimene zikuchitika nthawi yomweyo popanda kufulumira kuweruza. Pambuyo pake Susan Bögels wa pa Yunivesite ya Amsterdam ku Holland, pamodzi ndi anzake, anatengera njirayi ku mabanja a ana a ADHD. M'maphunziro awo, otchedwa MYmind, ana amakumana m'gulu lawo, makolonso m'gulu lawo, kamodzi pa sabata kwa masabata 8.

Chodabwitsa n'chakuti makolowo saphunzira za kuwongola mwana, koma za kudzimvetsera okha. Mkwiyo usanatuluke pakamwa umayamba waonekera m'thupi: mtima umagunda msanga, nkhope imatentha, zikhatho zimafumbata. Kholo limaphunzira kuzindikira zizindikiro zimenezi, kuima kaye, ndi kupuma mpweya pang'onopang'ono. M'kanthawi kochepako limapeza mpata wosankha chochita.

Mwachitsanzo, mwana wataya ndiwo pothamanga m'khitchini. Mayi wophunzira njirayi amamva mkwiyo ndithu, koma amayamba wapuma. Kenaka amawerama, namuyang'ana mwanayo m'maso, namuuza chinthu chimodzi chokha: "Tenga nsanza upukute apa." Akamaliza amamuyamikira. Kumeneku sikulekerera, pakuti lamulo lilipobe. Chachoka ndi phokoso lokha. Ndipo tsiku limene kholo lalephera kuugwira mtima, limaphunzira kudzikhululukira ndi kubwerera kwa mwanayo kukakonza zinthu, ngakhale kupepesa kumene.

Zotsatira zake n'zotani? Kafukufuku waonetsa kuti makolo ambiri ochita maphunzirowa amachepetsa nkhawa ndi kukalipa. Koma umboni wakuti zizindikiro za mwanayo zimachepa ndi wofooka. Tsono njirayi silowa m'malo mwa chipatala, kapena mankhwala onga methylphenidate amene dokotala angapereke kwa ana ena.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wosakhazikika ali nazo nzeru ndi mphatso zake, koma amaziona ndi wolera amene waphunzira kuima kaye asanalankhule.