Amene amasintha magiya mkati mwa foni yanu

Pamwamba pa Phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200, pali nsanja zofalitsa mawu a wailesi ndi mafoni. Netiweki ilipo ndithu, koma magetsi ndi nkhani ina. M'midzi yambiri ya ku Bembeke, Lobi ndi Mayani foni imatchajidwa ndi kasola ka padenga, apo ayi kukalipira pa shopu. Mlimi wa kachewere amene akudikira wogula wa ku Lilongwe, kapena ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, batire ikatha ndiye kuti malonda aima. Mu June ndi July zimafika poipa, pakuti chisanu chimafooketsa batire pomwe nkhungu ikutchinga sola.

Kuti foni ifike madzulo isanazime, mbali ina zimadalira chigamulo chimene chimapangidwa kambirimbiri pa sekondi iliyonse: purosesa ithamange bwanji panopa?

Foni iliyonse ya Android, kaya Tecno, itel kapena Samsung, imayendera Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba ku Helsinki mu 1991. M'kati mwake muli scheduler, kagawo kamene kamagawa ntchito: WhatsApp ipite pa purosesa iyi, nyimbo pa iyo, inayo idikire. Mulinso governor, amene amakweza kapena kutsitsa liwiro la purosesa. Liwiro likakwera pamafunika mavolti ambiri, ndipo apa ndi pamene batire imapwetekera: mavolti akachuluka kawiri, mphamvu yogwiritsidwa ntchito imachuluka kanayi, tisanawerengere za liwirolo.

Kwa zaka zambiri awiriwa sankalankhulana. Governor wotchedwa ondemand, amene analowa mu Linux mu 2004, ankangosuzumira pakapita kanthawi kuti aone ngati purosesa inali yotanganidwa, kenako n'kusintha liwiro. Taganizirani dalaivala wa lole akukwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, koma msewu sakuuona. Akusintha giya pokhapokha injini ikayamba kubuula. Amachedwa kutsitsa giya pa chitunda, ndipo amapitiriza kuponda mafuta atafika kale pa see. Mafoni ankachita zomwezo. Mukakhudza sikirini inkayamba yakakamira, ndipo ntchito ikatha purosesa inkathamangabe pachabe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wodziwa msewu analipo kale. Kuyambira mu 2013, kudzera mu njira ya PELT yomwe analemba Paul Turner wa ku Google, scheduler amasunga mbiri ya kulemera kwa ntchito iliyonse payokha. Zomwe ntchito yachita posachedwa zimawerengedwa kwambiri. Zikapitirira mamilisekondi 32, kulemera kwake kumatsika ndi theka. Choncho ntchito yolemera ikadzuka, kapena ikasamutsidwira pa purosesa ina, scheduler amadziwa nthawi yomweyo.

Mu 2016, Rafael Wysocki wa ku Intel analumikiza scheduler ndi governor polemba governor watsopano wotchedwa schedutil, amene analowa mu Linux 4.7. Tsopano wogawa ntchito ndi amene amauza governor kuchuluka kwa katundu. Masamu ake ndi osavuta: liwiro lofunika kuti ntchito itheke, kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo anayi ngati mpata wopumira. Purosesa ikadzaza kufika pa 80 peresenti, imapatsidwa liwiro lonse.

Sikuti kuyenda pang'onopang'ono kumapulumutsa batire nthawi zonse. Nthawi zina kuli bwino kumaliza ntchito msanga kuti purosesa igone. N'chifukwa chake ndimaona kuti chigamulochi chimamuyenera amene akudziwa ntchito zimene zili pamzere, osati woyerekeza kuchokera panja.

Mu 2019 Linux 5.0 inawonjezera Energy Aware Scheduling, yomwe akatswiri a kampani ya Arm anaigwirira ntchito zaka zingapo. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi mapurosesa a mitundu iwiri. Helio G85 ya MediaTek, yopezeka m'mafoni ambiri otsika mtengo, ili ndi awiri amphamvu ndi 6 osadya batire kwambiri. Asanaike ntchito penapake, scheduler amayamba wawerengera kuti idya mphamvu zochuluka bwanji pa uyu kapena uyo. Uthenga wa ndalama umathera pa wamng'ono. Kutsegula kamera kumadzutsa wamkulu. Makampani opanga mafoni amasinthako zina ndi zina, n'chifukwa chake mafoni awiri a batire yofanana sakhalitsa mofanana.

Tisanamizane, purosesa si yokhayo imene imadya moto. Sikirini yowala kwambiri imadya, ndipo m'zigwa za kuseri kwa mapiri, komwe netiweki ndi yofooka, foni imakuwa mwamphamvu kuti nsanja iimve. Koma chimene chimandiwawa ndi timapulogalamu tolonjeza "kuyeretsa" foni ndi kusunga batire, timene anthu amaikiridwa pogula foni kapena poika nyimbo. Timatseka mapulogalamu mokakamiza, ndipo akamatsegukanso amayambira pachiyambi, scheduler n'kuona katundu wolemera, n'kukweza liwiro. Munthu walipira kutchaja, moto n'kuthera pa ntchito yomwe inali itachitika kale. Tichotseni, ndipo mugwiritse ntchito Battery Saver yomwe inabwera ndi foniyo.