Mwana Wamantha Saphunzira: Kuthandiza Ophunzira Amene Adaona Zoopsa

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kumwera. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi ina idakokoloka. Anthu oposa 1,000 adamwalira, enanso oposa 600,000 adasowa pokhala, ambiri n'kukathawira m'sukulu. Makampu a m'sukuluzo atatsekedwa, ana ena adabwerera kukaphunzira m'makalasi momwemo momwe adagona akulira abale awo.

Denga losasuka limakhomedwanso, mabuku onyowa amagulidwa ena. Chovuta ndi mwana amene wabwerera ali wina: kale ankayankha mafunso, lero amangoti duu, kale anali wofatsa, lero sachedwa kumenya anzake. Kunyumba ndi kusukulu amangomuti wayamba mwano kapena ulesi, pomwe vuto lili m'thupi mwake.

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamachenjeza munthu za ngozi. Kakazindikira choopsa, thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, minofu imakungika, munthu amakonzekera kuthawa, kulimbana kapena kungouma. Ngozi ikapita, zonsezi zimayenera kuzizira. Koma mwa mwana amene adaona zoopsa kwambiri, kapena amene amazunzidwa tsiku ndi tsiku, kachigawoka kamakhala ngati mlonda amene akuimbabe wezulo mbala zitathawa kalekale. Kulira kwa mvula pamalata, chitseko chomenyetsedwa kapena mawu okalipa a mphunzitsi, zimakwana kumubwezera ku tsiku lija.

Zikatero, mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza kuganiza mofatsa ndi kudziletsa, sigwira bwino ntchito. Nayo hippocampus, yosunga zimene taphunzira, imasokonezeka cortisol akachuluka kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake mwana wotere amatha kumva masamu lero, mawa osakumbukako kanthu. Ndodo siingachize zimenezi. Imangotsimikizira thupi lake kuti ngozi ikadalipo.

Zizindikiro zimasiyana ndi msinkhu. Ana a m'makalasi oyambirira amayambanso kukodza pogona, kukakamira mayi awo, kulota zoopsa ndi kudandaula za mutu kapena m'mimba koma kuchipatala osapezeka ndi matenda. Okulirapo amajomba, amadzipatula, amasinza m'kalasi chifukwa sagona usiku, ena amayamba mowa ndi chamba.

Si namondwe yekha amene amasiya mabala otere. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene adachitika m'Malawi mu 2013 adapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa asanu alionse ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri adachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Ku America, madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda adafufuza anthu oposa 17,000, ndipo zotsatira zimene adayamba kufalitsa mu 1998 zidaonetsa kuti masautso a paubwana akamachuluka, chiopsezo cha matenda a mtima, kukhumudwa kwambiri ndi uchidakwa chimakulanso munthu akakula.

Nkhani yolimbitsa mtima ndi yakuti ana ambiri amachira, makamaka akakhala ndi wamkulu mmodzi wodalirika amene amawamvetsa. Wamkuluyo atha kukhala mphunzitsi, ngakhale amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi, pakuti zofunikazo sizilira ndalama. Choyamba ndi dongosolo losasinthasintha: belu kulira pa nthawi yake, tsiku kuyamba mofanana, ana kuuzidwiratu ngati pali chosintha. Mwana amene moyo udamudzidzimutsa amakhazikika mtima akadziwa chobwera. Chachiwiri ndi kumutchula dzina, kumupatsa moni ndi kumufunsa pambali, osati pamaso pa anzake, kuti, "Kodi chikukusowetsa mtendere n'chiyani?" Akapsa mtima, mphunzitsi atsitse mawu, amupatse mpata wopuma mokoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo zolakwazo akambirane atazizira. Malamulo a kalasi asathe ayi, koma chilango chisakhale chopweteka kapena chonyazitsa. Kuimba, kuvina, kujambula ndi mpira zimathandiza thupi kumasuka, ndipo phala la kusukulu, monga lija la Mary's Meals lomwe lidayamba m'Malawi mu 2002, limachotsa nkhawa ina ya mwana wobwera ndi njala.

Pali chimodzi choyenera kupewa: kukakamiza mwana kufotokoza zimene adaona. Ndondomeko ya chithandizo choyamba cha m'maganizo imene bungwe la World Health Organization ndi mabungwe anzake adatulutsa mu 2011 imaphunzitsa zinthu zitatu: kuona, kumvetsera ndi kulumikiza munthu ku thandizo. Mwana akayamba yekha kulankhula, mumvereni modekha, mukhulupirireni, muuzeni kuti si iye wolakwa. Musamulonjeze kuti simuuza wina aliyense ngati akadali pachiopsezo, koma mufotokozereni amene mukamuuze ndi chifukwa chake.

Mphunzitsi si dokotala, ndipo asasenze yekha mtolowu. Zizindikiro zikapitirira mwezi osachepa, mwana apite kuchipatala. Akatchula zodzipha, apite tsiku lomwelo. Zipatala za maboma zimathandiza odwala maganizo, ndipo pa zovuta kwambiri pali Zomba Mental Hospital komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nkhani za nkhanza zikatulidwe ku ofesi yosamalira anthu ya paboma, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena poimba nambala yaulere ya 116. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo kuti nkhani zotere zisathere m'mudzi mwachinsinsi. Amayi a mother group, makomiti a sukulu ndi mafumu angathandize kulondola mwana wojomba asanasiyiretu sukulu.

Aphunzitsi nawonso asaiwalike. Ambiri m'maboma okhudzidwa ndi Freddy adataya nyumba ndi abale, komabe amayembekezeka kutonthoza ena. Mkulu wa sukulu amene amapatula nthawi yoti aphunzitsi ake akhale pansi n'kukhuthulirana zakukhosi amakhala akuthandizanso ana, chifukwa mphunzitsi wosweka mtima ndiye amafulumira kutola ndodo.