Wailesi ikasasa mawu, yambani mwaona batire ndi mawaya

Anthu ambiri ku Domwe akagulitsa kachewere kapena chimanga amagula wailesi ya masipika awiri, koma pakangotha miyezi yochepa imayamba kusasa mawu. Musanawononge ndalama kupita nayo kwa okonza ku Ulongwe, onani kaye zinthu zitatu izi.

Choyamba ndi moto. Magetsi a EDM ndi a 220V, pomwe batire la sola ndi la 12V. Batire likafooka, mawu amanjenjemera mukangokweza, makamaka ng'oma zikamagunda. Inveta yotchipa nayonso imachititsa kuti masipika azing'ung'uza.

Chachiwiri ndi mawaya. Waya wofiira alowe pa chizindikiro cha + mbali zonse ziwiri, kuwailesi ndi kusipika komwe. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi, besi imachepa chifukwa masipikawo amalimbana: ina ikamakankha mpweya, inzake imakhala ikukoka.

Chachitatu ndi kuchulukitsa masipika. Kumbuyo kwa sipika amalembako 4 kapena 8 ohm. Masipika awiri a 8 ohm mukawamangirira pamalo amodzi amakhala 4 ohm, ndipo mawailesi ambiri amapirira. Koma awiri a 4 ohm amatsika kufika pa 2, wailesi imatentha mpaka kupsa. Apa ndi pomwe ambiri amaonongera katundu pa zinkhoswe ndi maukwati.

Pomaliza, mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani pulagi ndi waya wa eriyo. Kuzimitsa kokha sikuteteza wailesi ku mphenzi.