KUONDA MUNTHU ALIKUDYA: ZA CHITHOKOMIRO M'BOMA LA RUMPHI

Pamudzi pakakhala munthu amene alikuonda mwezi ndi mwezi, anthu sachedwa kupeza chifukwa chake. Ena anena kuti ndi chifuwa chachikulu, ena anong'onezana za kachilombo, ndipo ena aloza chala nkhalamba ya pamudzipo kuti ndiyo yamlodza. Koma ilipo nthenda ina imene anthu ambiri saiganizira konse. Wodwala wake atha mitanda isanu ya nsima napempha ina, koma zovala zingomkulirabe. Nthenda imeneyi ichokera pakhosi, m'kachiwalo kotchedwa chithokomiro.

Anthu akamva dzinali aganiza za chotupa chija cha pakhosi, chimene chinali kuoneka kawirikawiri m'midzi ya kumapiri m'boma la Rumphi ndi m'maboma ena monga Chitipa, Mzimba, Dedza ndi Ntcheu. Zoona zake nzakuti munthu aliyense ali nacho chithokomiro, ngakhale khanda lobadwa lero. Chikhala kutsogolo kwa khosi, chooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, ndipo kulemera kwake ndi ngati magalamu 20 okha. Chikakhala chabwino sichioneka. Chioneka pokhapokha chitatupa.

NTCHITO YAKE

Thupi la munthu lili ngati moto wa pamafuwa, ndipo chakudya ndicho nkhuni zake. Motowo suzima ngakhale munthu ali mtulo, pakuti mtima ugundabe, mapapo apumabe, ndipo thupi liyenera kufunda. Kwa munthu amene sagwira ntchito yolemetsa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya chakudya chake athera pa ntchito zamkatizi. Chithokomiro ndicho chosonkhezera motowo. Chitulutsa timadzi tina timene tiyenda m'magazi ndi kuuza ziwalo zonse liwiro loti zigwirire ntchito. Timadziti tikachuluka, moto uyaka mopitirira ndipo nkhuni zitha msanga. Tikachepa, moto ungofuka utsi.

Kuti chipange timadziti, chithokomiro chifuna ayodini. Wofunika ndi wochepa kwambiri: wa moyo wonse wa munthu angakwane m'kasupuni kamodzi ka tiyi. Vuto nlakuti ayodini akhala wambiri m'nyanja zamchere, pamene kumapiri mvula ya zaka zosawerengeka inamkokolola m'nthaka. Dziko ngati la Nyika ndi mapiri a Phoka, kumene madzi athamangira ku Rukuru ndi kunyanja, likhoza kubala chimanga, nyemba ndi khofi wabwino, koma zakudya zake nkukhala zosowa ayodini. Ndipo nyanja ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere, kotero nsomba za ku Chiweta ndi ku Mlowe zilibe ayodini wochuluka monga za m'nyanja yamchere. Chithokomiro chikasowa ayodini chidzikulitsa pofuna kutola kochepa kamene kalipo, ndipo kumeneko ndiko kutupa kuja.

Chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino chionjezera vutoli, chifukwa ululu wake utsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Amayi amene aviika chinangwa masiku okwanira asanasinje ufa wa kondowole achita bwino, ndipo asafupikitse masikuwo chifukwa cha changu cha kumsika.

MOTO UKAYAKA MOPITIRIRA

Apa ndipo pali kuonda kuja. Wodwala amva njala nthawi zonse, koma thupi lake litentha chakudya chonse, kenaka liyamba kutentha mafuta ndi minofu yake yomwe. Akhala ndi thukuta ngakhale m'mwezi wa June, pamene anzake ku Livingstonia alikuwotha moto. Mtima wake uthamanga ali chikhalire. Sagona tulo, apsa mtima pa zinthu zazing'ono, apita kuchimbudzi kawirikawiri, ndipo akakhala pansi alephera kuimirira osagwira bondo. Ena maso awo atuzuka. Nthendayi igwira akazi ambiri koposa amuna.

Mphunzitsi kapena munthu aliyense wokhala ndi wotchi angathe kuona zizindikiro zina. Mtima wa munthu wamkulu amene wapumula ugunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi. Ukapitirira 100 tsiku ndi tsiku, munthuyo wopanda malungo, ndiye kuti chilipo. Wodwala atambasule manja, pamwamba pake aikepo pepala: pepalalo linjenjemera. Ndipo chotupa cha chithokomiro chikwera ndi kutsika pamene munthu ameza madzi. Koma izi sizikwanira kutchula nthenda, pakuti nthenda ya shuga nayonso iondetsa munthu alikudya, ndipo chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV ndi khansa ziondetsanso. Chosiyanitsa ndi kuyesa magazi.

Kwa achinyamata kawirikawiri chiyambitsa ndi chitetezo cha m'thupi chimene chisokonekera nichiyamba kufulumiza chithokomiro. Kwa achikulire chikhala chotupa chakale cha mabulumabulu, chimene chakhala chete zaka makumi awiri kapena atatu, kenaka chidzuka. Achikulire otere nthawi zina sanjenjemera ndiponso sadya kwambiri. Angoonda, mtima nkumagunda modumphadumpha, abale awo nkumati ndi ukalamba.

Mankhwala alipo. Mapiritsi a carbimazole achepetsa motowo, ndipo wodwala awamwa chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, osaleka pamene wayamba kupeza bwino. Akamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi alikumwa mapiritsiwa, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera auze dokotala za pakati pake asanalandire mankhwala. Thupi likayamba kubwerera wodwala asadabwe, pakuti ndicho chizindikiro cha kuchira.

MOTO UKACHEPA

Nthenda inayo ndi yosiyana ndi imeneyi, ndipo odwala ake ndiwo anenedwa kwambiri pamudzi. Mayi amene kale anali woyamba kumunda ayamba kuwodzera masana, amva kuzizira anzake alikutuluka thukuta, khungu lake liuma, tsitsi lithothoka, mawu asasa, nkhope itupa, ndipo adzimbidwa. Aiwala zinthu. Apongozi ake amuyesa waulesi, makamaka poona kuti alikunenepa ngakhale adya pang'ono. Si ulesi ai, ndi nthenda, ndipo ichizika ndi kapiritsi kamodzi ka levothyroxine m'mawa uliwonse asanadye kanthu. Ambiri akamwa moyo wawo wonse. M'chaka cha 1891 dokotala George Murray wa ku Newcastle, ku England, anachiza mayi wa zaka 46 ndi madzi ochokera m'chithokomiro cha nkhosa, ndipo mayiyo anakhala ndi moyo zaka zina 28.

Pano pafunika kusamala, chifukwa nkhaniyi yasokeretsa ambiri, makamaka a m'tauni. Kufooka kwa chithokomiro kuonjezera makilogalamu awiri kufikira asanu okha, ndipo ambiri a iwo ndi madzi osungidwa m'thupi. Anthu ambiri onenepa kwambiri chithokomiro chawo chilibe vuto. Anenepa chifukwa cha zakudya za mafuta ndi shuga, mowa, ndi kusayenda. Munthu wotere akagula mapiritsi a chithokomiro kuti aonde, adzipatsa yekha nthenda yoyamba ija: mtima uwonongeka, mafupa afooka, minofu itha, ndipo akaleka mapiritsiwo thupi libwereranso. Mapiritsiwa ayenera munthu amene magazi ake asonyeza kuti awafuna, osati wina aliyense.

MCHERE

Dziko la Switzerland, limene lili lamapiri ngati Rumphi, linayamba kuthira ayodini mumchere m'chaka cha 1922, ndipo chotupa cha pakhosi chinachepa kwambiri mwa ana ake. Kuno ku Malawi lamulo la mchere wa ayodini linakhazikitsidwa m'chaka cha 1995, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana asukulu, powaphatikiza onse, anali kulandira ayodini wokwanira. Phindu lalikulu silili pakhosi pokha. Mwana amene asowa ayodini ali m'mimba mwa mayi wake abadwa ndi ubongo wosakula bwino, ndipo zimenezi sizikonzeka pambuyo pake.

Muyeso wake ndi wofunika. M'chaka cha 1995 madokotala a ku Zimbabwe analemba kuti odwala nthenda ya kuonda ija anachuluka mchere wa ayodini utafala, makamaka achikulire a zotupa zakale, ndipo kunapezeka kuti mchere wina unali ndi ayodini wopitirira muyeso. Nchifukwa chake bungwe la Malawi Bureau of Standards liyesa mchere wolowa m'dziko muno. Banja ligule mchere wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, liusunge m'chitini chotseka, pouma, kutali ndi moto, ndipo lisautsuke. Kuchulukitsa mchere m'ndiwo sikuchiza chithokomiro, koma kubweretsa kuthamanga kwa magazi. Kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku ndiwo malire a munthu wamkulu.

Chotupa chachikulu chakale sichitha ndi mchere, ndiponso sichitha ndi mphini. Kutema pakhosi nkoopsa, pakuti pamenepo padutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Chikayamba kutsamwitsa munthu, kusintha mawu ake, kapena kukula msanga, madokotala angathe kuchichotsa. Wodwala ayambire pachipatala cha kufupi ndi kwawo atatenga buku lake la kuchipatala, apemphe kuti amuyese kulemera kwake ndi kulemba m'bukumo. A kumeneko adzamtumiza kuchipatala cha boma ku Rumphi kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, ndipo ofunika kuyesedwa kopitirira apo atumizidwa kuchipatala chachikulu cha Mzuzu.