Chovala Choteteza Kuzizira Posambira Pansi pa Nyanja ya Niassa

Madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya. Munthu akhoza kukhala tsiku lonse panja pa madigiri 24 osamva kanthu, koma m'madzi otentha chimodzimodzi amatha kuyamba kunjenjemera ola lisanathe. N'chifukwa chake osambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya kumsana amavala chovala cha mphira chotchedwa wetsuit, ngakhale m'nyanja yofunda ngati ya Niassa, yomwe kutsidya amaitcha Nyanja ya Malawi.

Anthu a ku Cuamba, Mandimba ndi Ngauma amafika kunyanjaku m'njira ziwiri. Ena amatsata msewu wa ku Lichinga n'kutsikira ku Meponda kapena ku Metangula, mbali yomwe boma la Mozambique linaisandutsa malo otetezedwa mu 2011. Ena amadutsa malire pa Chiponde, n'kudzera ku Mangochi mpaka ku Cape Maclear, komwe alendo amamira kukaona nsomba za mbuna m'miyala. Pamwamba pa nyanjayi madzi amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 nthawi zambiri, koma mwera ukayamba kuwomba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, madzi ozizira a pansi amakwera, makamaka kummwera kwa nyanja.

Chovalachi anachitulukira ndi Hugh Bradner wa ku America mu 1952. Mphira wake, wotchedwa neoprene, uli ndi timathumba ta mpweya tambirimbiri, ndipo mpweya umenewu ndi umene umatsekereza kutentha kuti kusatuluke. Madzi pang'ono amalowa pakati pa khungu ndi chovala, thupi n'kuwafunditsa. Chovala chikakhala chokhwepa, madzi ofundawo amatuluka, ozizira n'kumalowa mosalekeza. Choncho chopyapyala chogwira bwino m'khosi, m'mikono ndi m'akakolo chimaposa chochindikala chomwe n'chachikulu.

Kuchindikala kumayezedwa m'mamilimita. Madzi akapitirira madigiri 24, ambiri amakwanitsidwa ndi cha mamilimita 3, ndipo miyezi yotentha ena amavala cha manja ndi miyendo yaifupi. Pakati pa madigiri 18 ndi 24 pamafunika cha mamilimita 5, chomwe n'choyenera nyengo ya mwera. Cha mamilimita 7 n'cha madzi ozizira ngati a ku Cape Town. Chikalembedwa kuti 5/3, ndiye kuti pachifuwa ndi kumsana ndi mamilimita 5, pomwe m'manja ndi m'miyendo ndi 3.

Kuya nakonso kumasintha zinthu. Pa mamita 10 mphamvu yopanikiza thupi imakhala itawirikiza kawiri, timathumba ta mpweya timafinyika, chovala n'kupyapyala. Chomwe chimafunditsa bwino pamwamba chimachepa mphamvu pa mamita 25. Womira kangapo pa tsiku, wochepa thupi, mwana, komanso wojambula nsomba yemwe amakhala phee malo amodzi, amazizidwa msanga, ndipo ayenera kuwonjezera kuchindikala kapena kuvala chophimba kumutu. Chovala chochindikala chimayandamitsa munthu, motero chimafuna mtovu wambiri palamba, ngakhale kuti madzi a Niassa safuna wochuluka ngati madzi amchere a ku Pemba.

Kuzizidwa si nkhani yongopirira. Wozizidwa amapuma mofulumira, mpweya wa m'silinda umatha msanga, zala zimauma, maganizo amachedwa. Kutentha kwa thupi kukatsika kuchoka pa madigiri 37 kufika pansi pa 35, moyo umakhala pangozi. Wayamba kunjenjemera auze mnzake, akwere pang'onopang'ono monga mwa malamulo, avule chovala chonyowacho, adzipukute, abisale kumphepo ndi kumwa tiyi wotentha, osati mowa. Chovala chabwino ndi chomwe chamukwana mwiniwake, chogwirizana ndi nyengo, kuya kwa madzi ndi kutalika kwa nthawi yomwe akhale pansi.