Downton Abbey: Nkhondo Italowa M'nyumba ya Mabwana

Downton Abbey ndi sewero la pa TV la ku Britain lomwe analemba Julian Fellowes. Linayamba kuonetsedwa pa ITV mu Sepitembala 2010 ndipo linatha mu 2015. Limanena za banja lopeka la a Crawley, eni chinyumba ndi minda yambiri ku Yorkshire, pamodzi ndi chikhamu cha antchito awo.

Nkhani imayamba mu Epulo 1912, sitima ya Titanic itamira ndi achibale awiri aamuna omwe anayenera kudzalandira chuma cha mwini khomo, Robert Crawley. Bamboyu anabereka ana aakazi okhaokha, Mary, Edith ndi Sybil, pomwe lamulo la chumacho silinkalola mkazi kulowa m'malo mwa bambo wake. Choncho zonse zinagwera Matthew, loya wa ku Manchester, wachibale wapatali yemwe ngakhale nkhope yake sankaidziwa.

Kukoma kwa seweroli kuli kunsi kwa nyumba, komwe kumakhala antchito. Pakhoma pali mabelu ang'onoang'ono, lililonse ndi dzina la chipinda chake. Likangolira, munthu amasiya tiyi wake n'kuthamangira kumwamba. Daisy, kamtsikana ka kukhitchini, amadzuka m'mbandakucha kukasonkha moto m'zipinda, ndipo ayenera kuchokamo mabwana asanamuone.

Gawo loyamba limathera pa phwando la pabwalo, pa 4 Ogasiti 1914. Alendo akusangalala pa kapinga, Robert akulandira telegalamu, akuletsa oimba, n'kulengeza kuti Britain ili pa nkhondo ndi Germany. Palibe mfuti yomwe ikulira, koma nkhope za anyamata operekera zakumwa zikunena zonse: iwowo ndi amene akupita.

Gawo lachiwiri limayambira m'maenje a nkhondo ku Somme, m'dziko la France, mu 1916. Kumudzi, chinyumba chija chimasanduka malo ochiriramo akuluakulu a asilikali ovulala, mabedi ali ndandanda m'zipinda zochezeramo. Sybil, yemwe sankadziwa n'kuwiritsa madzi komwe, amaphunzira unamwino, kenaka n'kugwa m'chikondi ndi Branson, dalaivala wa pakhomopo. Edith amayendetsa thalakitala kumunda. Malire a bwana ndi wantchito amayamba kufufutika, koma osati pa imfa. William, mnyamata woperekera chakudya, amavulala modetsa nkhawa ku nkhondo poteteza Matthew, ndipo amakwatira Daisy ali gone pa bedi lomwe anamwalirirapo tsiku lomwelo. Matthew, yemwe anapuwala miyendo ku nkhondoko, amadzukanso n'kuyenda. Apa mlembi anawakomera mtima kwambiri mabwana, ndipo ichi ndi chilema chenicheni cha sewero labwinoli.

Za chipatalazo si zopeka zokhazokha. Highclere Castle, nyumba ya ku Hampshire komwe anajambulira seweroli, inasandutsidwadi chipatala cha asilikali mu 1914, ndipo anachiyendetsa anali mayi wa pakhomopo, Almina, mkazi wa Earl wa Carnarvon.